Therere, Malambe ndi Fumbi la Mtovu

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe, m'dziko la Zambia, unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake lidakali m'mabwalo momwe ana amasewera. Ana ambiri a m'tauniyi akayezedwa amapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Ife amene tili kutali ndi mgodi tisadzinamize kuti tapulumuka. Mtovu umapezekanso mu penti ina yopaka nyumba, m'mabatire a galimoto amene anthu amaphwanyira pakhomo, komanso m'mapoto ena opangidwa posungunula zitsulo zotolatola.

Bungwe la WHO limati palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ndi wosavulaza. Mwa mwana umasokoneza kakulidwe ka ubongo, ndipo mwa munthu wamkulu umakweza BP ndi kuwononga impso. Thupi la mwana limayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza ka 4 kapena ka 5 kuposa la munthu wamkulu, makamaka m'mimba mukakhala mopanda kanthu.

Apa ndi pamene chakudya cha pakhomo chimathandizako. M'zipatso ndi m'masamba muli fayiba, gawo la chomera limene m'mimba mwathu simutha kuligaya. Mtundu wina wa fayiba ndi pekitini, amene amachititsa kuti jamu alimbe. Pekitini ndi wochuluka m'malambe, m'magwafa, m'maapozi ndi m'kachikopa koyera ka mkati mwa lalanje. Kutendekera kwa therere nakonso kumachokera ku zinthu za mtundu womwewu. Zikafika m'matumbo zimakhala ngati ulimbo: tizidutswa ta mtovu timamatirira pamenepo, ndipo tina timatuluka ndi chimbudzi tisanalowe m'magazi.

Koma tinene zoona. Fayiba amagwira ntchito m'matumbo mokha. Mtovu umene walowa kale m'magazi ndi m'mafupa sungachotsedwe ndi phala la malambe. Mwana amene mukumukayikira, kaya mumakhala pafupi ndi mgodi kapena bambo ake amagwira ntchito ya mabatire, mupite naye kuchipatala. Madokotala ali ndi mankhwala ochotsera mtovu pamene wachuluka. Musataye ndalama pa timabotolo tomwe amalonda amati "timatsuka thupi".

Nanga pakhomo tichite chiyani? Mwana asapite kosewera m'mimba muli pululu; m'mawa alandire phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa malambe. Gwafa adye ndi khungu lomwe atatsukidwa bwino, ndipo lalanje musalichotse kachikopa koyera kaja. Therere, nyemba, bonongwe ndi chisoso zisasowe m'mbale, chifukwa thupi lokhala ndi ayironi ndi kashiamu wokwanira limayamwa mtovu wochepa. Chipatso chowawasa pambuyo pa nsima chimathandiza kuti ayironi wa m'ndiwo alowe bwino m'thupi.

Kenako tsekani njira imene mtovu umalowera. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Pansi kolopani ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa mofumbitsa. Zovala za kuntchito ya mabatire kapena ya penti zichapidwe pazokha, ndipo batire lakufa lisasungidwe m'khitchini.

Lachisanu likubwerali, pokonza chakudya cha Sabata, ikani therere pamoto ndipo musungire ana magwafa angapo.