Gasi Satha Ngati Petulo

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo pamsewu wa Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe, eni galimoto ambiri amadandaula kuti makina oziziritsa akutulutsa mpweya wotentha. Amathamangira kwa amakaniko kukathiritsa gasi wina, koma posakhalitsa vuto limabwerera. Gasiyu satha ngati petulo. Akachepa, ndiye kuti paipi kapena mphira wabooka. Mmisiri weniweni amayamba wafufuza pobookapo, nachotsa fumbi pa kondensa, nayesa kompuresa. Gasi wothawayo amawononganso chilengedwe: R-12 analetsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987, ndipo R-134a amawonjezera kutentha kwa dziko. Kotero mwini galimoto wanzeru akane kulipira gasi pobookapo pasanakonzedwe, pakuti mtsuko wobooka sudzaza.