NDEMANGA: Fulashi Yocepa ndi Fulashi Yonama

Masiku ano kacipangizo kochedwa fulashi kalowa m'malo mwa kaseti, ngakhale m'midzi yakutali. Woyendetsa minibasi asungamo nyimbo, mphunzitsi asungamo mafunso a mayeso, ndipo mlembi wa kopaletivu asungamo maina a alimi olandira feteleza. Koma pali dandaulo limene limveka kawirikawiri. Munthu agula fulashi yolembedwa 32 GB, koma poiika mu kompyuta apeza kuti malo ake safika ngakhale pa 30 GB. Motero ena ayamba kunena kuti makampani opanga zipangizozi acita kutsekera dala malo ena, kuti anthu azigula zina zokwera mtengo.

Dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti ndalama ya mlimi ibwera ndi thukuta. Komatu mlandu uyenera kugwera mwini wake weniweni.

Coyamba, kusiyanaku kucokera pa kawerengedwe. Opanga fulashi awerenga m'zikwi, cotero kwa iwo GB imodzi ndi mabaiti 1,000,000,000. Kompyuta za Windows ziwerenga m'magulu a 1,024, ndipo kwa izo GB imodzi ndi mabaiti 1,073,741,824. Zifanana ndi anthu awiri opima cimanga ca m'thumba limodzi, wina ndi meda yaing'ono, mnzake ndi meda yokulirapo. Ciwerengero ca mameda cisiyana, koma cimanga ndi comweco. Ndico cifukwa cake 16 GB ioneka ngati 14.9, 32 GB ngati 29.8, ndipo 64 GB ngati 59.6.

Caciwiri, ndi zoona kuti malo ena ocepa apatulidwa, koma ali ndi nchito yake. M'kati mwa fulashi muli tizipinda tambirimbiri tosungira zinthu, ndipo timatha mphamvu tikamalembedwa ndi kufufutidwa kawirikawiri. Opanga asiya tizipinda tina padera kuti tilowe m'malo mwa takufato, monga mlimi wanzeru apatula mbeu pa cimanga cakudya. Malo ena akhala kaundula wosonyeza pamene ciliconse caikidwa.

Cacitatu, mbiri ya cipangizoci ikana ganizo lakuti opanga abisa malo. Nzeru yosungira zinthu mwa njira imeneyi inatulukira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi Fujio Masuoka. Mafulashi oyamba, amene anagulitsidwa mu 2000, anali a 8 MB cabe, malo a nyimbo ziwiri kapena zitatu. Pofika mu 2017, kampani ya Kingston inatulutsa fulashi ya 2 TB, ndiko kuti 2,000 GB. Makampani monga Samsung, Micron ndi Kioxia alimbirana ogula, ndipo amene angatsekere malo abwino angopereka malonda kwa mnzake.

Cimene opanga alakwa ndi kulemba kafotokozedwe ka nkhaniyi m'timalemba tating'ono kumbuyo kwa paketi, kumene munthu wamba sayang'ana. Ayenera kulemba poyera.

Mbala yeniyeni ili kwina. Pali anthu osaona mtima amene atenga fulashi yaing'ono, ya 8 GB kapena yocepera apo, ndi kuisintha kuti izinamiza kompyuta kuti ndi ya 512 GB kapena 1 TB. Aikuta m'paketi yokongola, alembapo dzina la kampani yodziwika, ndi kuigulitsa mochipa m'misika ndi pa intaneti. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Masiku oyamba fulashi yotere igwira nchito bwino. Malo ake enieni akadzala, ipitirira kulandira zinthu popanda cenjezo, koma zatsopano zifufuta zakale kapena zingosowa. Maina a zinthuzo aonekabe, koma pozitsegula mulibe kanthu. Pamenepo mlembi wa kopaletivu ataya kaundula wa caka conse, ndipo banja litaya zithunzi za ukwati zimene sizidzajambulidwanso. Cinyengo comweci cicitikanso pa timakhadi tosungira zinthu m'mafoni.

Ndiponso anthu acenjere ndi amene alonjeza kukulitsa fulashi pa kompyuta, kuti ya 8 GB ikhale ya 64 GB. Nkhokwe sikula cifukwa ca cikwangwani. Wocita zotere sanatsegule malo obisika, wangosandutsa fulashi yabwino kukhala yonama.

Safunsa anadya phula. Wogula ayenera kufunsa mtengo m'masitolo angapo, ndipo akapeza fulashi yaikulu pa mtengo wa yaing'ono, aisiye. Agule pamalo pamene angathe kubwererako, ndipo atenge risiti. Asanaikemo zinthu zofunika, aidzaze ndi mafilimu mpaka itakana, aicotse, aibwezeremo, ndi kutsegula oyamba, apakati ndi otsiriza. Amene ali ndi kompyuta angaiyese ndi pologalamu yaulere yochedwa H2testw. Ndipo cinthu ca mtengo wapatali cisasungidwe pa malo amodzi okha.

Mu Zambia, lamulo la 2010 loteteza ogula liletsa kugulitsa katundu mwa kunamiza, ndipo bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lilandira madandaulo otere. Munthu wonyengedwa asakhale cete ndi manyazi, pakuti kukhala cete kwake kupereka mpata wakuti mnansi wake anyengedwenso. Bungweli nalo liyenera kufika m'misika ya m'maboma ang'onoang'ono, kumene anthu a kumudzi agula zinthu zimenezi. Ogulitsa oona mtima athandize mwa kuyesa katundu wao asanamuike pa thebulo.

Fulashi yosonyeza 29.8 m'malo mwa 32 siinabe kanthu kwa mwini wake. Imene iyenera kucotsedwa pa msika ndi ija yolonjeza nkhokwe pamene ili kadengu.