Waya saikira mazira

Mawu amene akuluakulu ena a zaulimi analankhula posachedwapa, pamene anaima pambali pa amalonda ogulitsa makola a waya nauza alimi ang'onoang'ono kuti aliyense wofuna kutukuka pa ulimi wa nkhuku zoikira mazira akatenge ngongole ndi kugula makolawo, andiwawa mumtima kotero kuti kukhala chete kukadakhala kuvomereza chinyengo. Munthu amene boma linamphunzitsa, amene mlimi wakumudzi amamvula chipewa pomlonjera, sayenera kusanduka pakamwa pa wamalonda. Ndipo akatero, ife amene timaweta nkhuku ndi kudya mazira tiyenera kumfunsa poyera kuti akutumikira yani.

Chinyengo chake chagona apa. Wamalonda amaimika nkhuku ya m'khola lake la waya, imene imaikira mazira pafupifupi 300 pachaka, pambali pa nkhuku yachikuda yongodzitolera m'bwalo, imene siifika ngakhale mazira 100, kenaka n'kuloza waya, nati onani zimene khola langa lachita. Koma nkhuku ziwirizi n'zosiyana mtundu, n'zosiyana chakudya, n'zosiyananso chisamaliro. Tengani thadzi lomwelo la mtundu wa leyazi, muliike m'khola la pansi lowazidwa utuchi kapena mankhusu a mpunga, mulipatse magalamu 110 kufikira 120 a chakudya chokwanira tsiku ndi tsiku, madzi oyera osadukiza, ndi kuwala kwa maola 16, ndipo mudzaona kuti kusiyana kwake ndi mnzake wa m'waya n'kwa mazira owerengeka chabe. Dzira limachokera m'mtundu wa nkhuku ndi m'chakudya chimene yadya. Waya saikira mazira, ndipo sanaikirepo chiyambire.

Chimene waya amachita ndi china, ndipo amalonda sachitchula. M'makola akale a ku Ulaya, amene athu ano atengerako mamangidwe, nkhuku imodzi inkapatsidwa malo a masikweya sentimita 550, ndiko kuti ochepa kuposa pepala limodzi la A4 limene kalaliki amalembapo kalata. Mmenemo nkhuku siingatambasule mapiko, siingapalase, siingasambe fumbi, ilibe chisa chobisalamo poikira kapena mtengo woterapo usiku. Imangoima pa waya wotsetsereka kuyambira ili msoti kufikira tsiku logulitsidwa. Tsono chigoba cha dzira lililonse chimafuna pafupifupi magalamu 2 a kashiamu, ndipo popeza chigobacho chimaumbidwa makamaka usiku pamene nkhuku siikudya, gawo lina la kashiamuyo limachotsedwa m'mafupa ake. Fupa limene siligwira ntchito silibwezeretsa mphamvu yake. N'chifukwa chake madokotala a ziweto anadziwa kalekale nthenda ya nkhuku za m'makola otere, imene thadzi loikira bwino koposa limapezeka litagwa m'mawa, miyendo italefuka, mafupa atafewa, losatha kufikira madzi amene ali pafupi ndi mlomo wake.

Onjezanipo kutentha kwa dziko lathu. Thupi la nkhuku limatentha kale madigiri 41, ndipo nkhuku ilibe thukuta. Ikamva kutentha imapuma wefuwefu, ndipo kupuma kotereko kumasokoneza magazi kufikira chigoba cha dzira chimapyapyala. Ganizani za mwezi wa October ku Chikwawa, ku Nsanje kapena ku Salima, pansi pa denga la malata, nkhuku zinayi kapena zisanu zitapanikizana m'kachipinda kamodzi, zina pamwamba pa zinzake, pamene madzi a m'mipope aleka. Nkhuku ya pansi imafunafuna pozizira, nigona potambasula phiko. Ya m'waya ilibe kothawira. Dzira lake lopyapyala likagubuduka pa waya limang'aluka, ndipo dzira long'aluka palibe mayi wogulitsa pamsika amene angalilandire m'treyi yake.

Amalonda amati mazira a m'waya ndi aukhondo, popeza sakhudza zitosi, ndi kuti nkhuku sizigwidwa njoka zam'mimba kawirikawiri. Zimenezi n'zoona, koma mlimi wosintha utuchi m'nthawi yake, wokonza zisa ndi kutola mazira katatu patsiku, amapeza ukhondo womwewo popanda ngongole. Koma akafika ponena kuti dzira la m'waya n'lopatsa thanzi kuposa linzake, pamenepo anama. Chachikasu cha m'dzira chimafiira chifukwa cha chimanga chachikasu ndi masamba obiriwira amene nkhuku yadya, ndipo chimayezuka ikamadya chimanga choyera chokhachokha. Waya saonjeza kanthu m'kati mwa dzira.

Otsutsa adzati ndine wa maganizo achikale, wodana ndi chitukuko, ndi kuti mayiko otsogola anafika pamene ali chifukwa cha makola amenewa. Umbuli wa mawu amenewa ndi wochititsa manyazi, makamaka ukatuluka m'kamwa mwa munthu wophunzira. Dziko la Switzerland linathetsa makola otere mu 1992. Mayiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo mu 1999, ndipo kuyambira pa 1 January 2012 makola akalewo ndi oletsedwa kumeneko. Amene analoledwa kukhalapo ayenera kupatsa nkhuku malo a masikweya sentimita 750, chisa, mtengo woterapo ndi popalasa. Chimene eni ake anachiyesa zaka zambirimbiri nachitaya, ndicho chimene ife tikuuzidwa kuti tichigule ndi ndalama zakunja zimene dziko likusowa, n'kumachitcha chitukuko! Ndi chikomekome cha mkuyu chimenechi, m'kati muli nyerere. Enanso amaseka, nati nkhuku ndi ndiwo basi, ilibe chifukwa chochitiridwa chifundo. Anthu omwewa Lamulungu amakhala m'mipando yakutsogolo m'tchalitchi, namva Malembo akuyesa chilungamo cha munthu poona mmene asamalira chiweto chake, namvanso Ambuye akudzifanizira ndi thadzi lofungatira anapiye; Lolemba likafika aiwala zonse. Kupha nkhuku kuti ana adye si tchimo, koma kuizunza chaka chathunthu ndi miyezi pamwamba chifukwa cha phindu limene silikupezeka n'komwe ndi nkhanza yophatikiza ndi kupusa.

Chimene chimagwetsa mlimi wa nkhuku m'Malawi muno aliyense akuchidziwa: mtengo wa chimanga ndi soya, chitopa chimene chimasesa khola lonse m'sabata imodzi, ndi kusowa kwa anapiye abwino. Waya sachiza ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Mlimi amene watha ndalama zake pa khola, n'kusowa zogulira chakudya, adzakhala ndi nkhuku zanjala zoima pa chitsulo chonyezimira, mazira palibe, wangongole ali pakhomo.

Inu akuluakulu amene munalankhula mawu aja, bwererani kwa alimi mukawauze zoona. Tumizani alangizi akaphunzitse kasakanizidwe ka chakudya ndi kamangidwe ka khola la pansi lopita mphepo, fikitsani katemera wa chitopa m'midzi m'nthawi yake, ndipo limbikitsani ntchito ya ku Mikolongwe kuti nkhuku zakuda za kumeneko zipezekenso mosavuta. Ndipo inu alimi anzanga, musasaine chikalata cha ngongole ya waya musanawerenge matumba a chakudya amene ndalama yomweyo ingagule.