Pempho kwa anthu a ku Chipata ndi madera ozungulira pa matenda a sitiroko

Sitiroko, yomwe ambiri amaitchula matenda akufa ziwalo, imayamba magazi akasiya kufika mbali ina ya ubongo. Nthawi zambiri magazi amakhala ataundana n'kutseka mtsempha, nthawi zina mtsemphawo umakhala utaphulika. Chimene chimaiyambitsa kwambiri ndi BP yokwera, ndipo shuga, fodya, mchere wambiri ndi matenda a mtima zimawonjezera ngoziyo. Ubongo wosowa magazi umayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo pomwe pafa sipameranso.

Zizindikiro zake zimabwera mwadzidzidzi. Pakamwa pamapotokera mbali imodzi, mkono kapena mwendo umalefuka, lilime limalemera moti mawu samveka. Ena amachita chidima m'maso, ena amamva mutu waukulu umene sanaumvepo. Munthu amene m'mawa anali kudimba, masana n'kulephera kugwira kapu, achibale amafulumira kuganiza kuti walodzedwa, ndipo apa ndi pamene nthawi imatayika. Usiku umodzi kwa sing'anga, kapena kudikira kuti kuche, kungasiye munthu wolumala moyo wake wonse. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha pakapita mphindi zingapo, limenelo ndi chenjezo, ndipo munthuyo aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo.

Mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza akaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka, ndipo dokotala sangawapereke asanaunike mutu ndi makina a CT scan, chifukwa kwa munthu amene mtsempha waphulika mankhwala omwewo angamuphe. N'chifukwa chake aspirin sayenera kuperekedwa kunyumba. Wodwala asamwetsedwe madzi kapena phala, popeza kumeza kumavuta ndipo chakudya chingalowe m'mapapo. Agonekedwe cham'mbali, ndipo wina asunge nthawi imene anaonedwa komaliza ali bwino, pakuti limenelo ndi funso loyamba kuchipatala.

Mtunda ndiwo vuto lalikulu la kuno kummawa. Kuchoka ku Chipata kufika ku University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene maphunziro a madokotala a ubongo anayamba mu 2018, ndi makilomita oposa 550 pa Great East Road, kudutsa mapiri okhotakhota a kufupi ndi mlatho wa Luangwa. Ambulansi imatha tsiku pa ulendo umenewo, pomwe ndege yaing'ono imafika pasanathe maola awiri. Zambia Flying Doctor Service, yomwe Dr James Lawless anaiyambitsa mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, inakhazikitsidwira anthu a kutali otere, ndipo mabwalo a ndege a Chipata ndi Mfuwe alipo. Komabe ndege siitanidwa ndi banja lili pakhonde. Madokotala ndiwo amaona ngati wodwala afunika kutumizidwa ndiponso ngati angapirire ulendowo, ndiye wodwala amene sanafike kuchipatala sangaikwere. Ambiri ndithu safunika kupita ku Lusaka: kutsitsa BP mosamala, kuyang'anira kapumidwe ndi kamezedwe, ndi kuyamba msanga mafizo zimapulumutsa anthu ku Chipata Central Hospital, ku St Francis' ku Katete ndi ku Mwami komwe kuno.

Pempho loyamba likupita kwa mabanja: wodwala apite kuchipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku, ndipo mapemphero achitikire m'njira. A nyakwawa ndi makomiti a zaumoyo a ku Chadiza, Vubwi, Kasenengwa, Chipangali ndi Mambwe akupemphedwa kugwirizana pasadakhale za galimoto la ndani lidzanyamula wodwala ndi kumene ndalama za mafuta zidzachokera. Nkhani yotere ikamakambidwa wodwala ali kale pamphasa, ola lathunthu limapita. Kumene kulibe galimoto, ngolo imufikitse pamsewu. Njinga yamoto si yabwino kwa munthu wofa mbali imodzi, pokhapokha wina atakhala kumbuyo kumugwira.

Makhansala ndi aphungu akupemphedwa kuika patsogolo, pogawa ndalama za chitukuko za CDF, ambulansi zokhala ndi mafuta ndi oksijeni, komanso timilatho tomwe timaduka m'dzinja ku chigwa cha Luangwa. Unduna wa Zaumoyo ulongosolere anthu poyera mmene ndege ya odwala imaitanidwira ndi amene amalipira, kuti wosauka asaganize kuti ndi ya olemera okha. Mipingo, mizikiti ndi mawailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria aphunzitse zizindikirozi chaka chonse, osati pa 29 October pokha, tsiku lokumbukira sitiroko padziko lonse. Akuluakulu onse apimitse BP kukiliniki ngakhale asakumva kupweteka paliponse, ndipo amene anapatsidwa mankhwala asawasiye chifukwa choti thupi lapepuka.