Bandulo ikatha usiku, musathamangire kukayikirana

Ana anga, masiku ano milandu ina yofika kwa ankhoswe kuno ku Nkhotakota ikuyambira pa bandulo. Bambo agula ya sabata yonse ndi ndalama ya usipa, kutacha apeza yatha. Mlandu wagwera mayi: "Umacheza ndi ndani usiku wonse?" Kwina mwana walandira mbama asanalakwe. Pajatu safunsa adadya phula. Nthawi zambiri mbava ya bandulo imakhala m'kati mwa makinawo.

Kompyuta ya Windows ndi foni ya Android zimadzikonza zokha pokoka ma update pa intaneti, osakupemphani. Mukalumikiza laputopu ku foni kudzera pa hotspot, kawirikawiri imaona ngati yapeza Wi-Fi yaulere, ndiye imakoka mosaumira. Ikamakoka choncho, zina zonse zimayenda ngati kamba.

Mankhwala ake ndi awa. Pa kompyuta pitani pa Settings, kenako Network & internet, sankhani dzina la hotspot yanu ndipo muyatse Metered connection. Apo mwaiuza kuti intanetiyi ndi yogula, ichepetse dyera. Pa Windows Update palinso Pause updates, poimitsira ma update kwa masabata angapo. Pa foni tsegulani Play Store, pa Network preferences musankhe kuti ma app azikonzedwa pa Wi-Fi pokha. Koma dziwani kuti hotspot ya mnzanu nayonso ndi Wi-Fi. Pa WhatsApp thimitsani zoti makanema a m'magulu azitsika okha.

Ikamachedwabe, yambani ndi zosavuta monga timachitira kuchipatala. Thimitsani foni, muyatsenso. Iyikeni pawindo, osati pansi pa pilo. Onani kuti pa hotspot palumikizidwa anthu angati, mwina pasiwedi idafika kale kwa ana a aneba. Madzulo anthu amachulukana pa netiweki, choncho zazikulu muzikoka m'mamawa.

Komatu musatsekeretu ma update. Ine namwino ndimawaona ngati katemera. Mu May 2017 kachilombo ka WannaCry kadasokoneza zipatala zambiri ku Britain chifukwa makompyuta ena sadalandire chitetezo chomwe Microsoft idali itatulutsa kale. Sankhani tsiku limodzi pamwezi, mugule bandulo yokwanira, makina alandire katemera wake. Inu a Windows 10, dziwani kuti Microsoft idasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndiye kafunseni wodziwa ngati kompyuta yanu ingalandire Windows 11.

Musanakweze mawu, khalani pansi nonse awiri, mutsegule Data usage pa Settings ya foni. Pamenepo pamaoneka app iliyonse ndi kuchuluka kwa zomwe yadya. Mukapeza kuti ndi update, bambo pepesani mayi, ndipo mwana mudamumenya uja mumupepesenso. Bandulo mugula ina mawa, koma chikhulupiriro m'banja chikasweka sichigulidwa pa okala.