Nyanja Nayonso Imafuna Kupuma

Ulendo uno tiyeni tikambirane za ndiwo.

Masiku apitawa tinaima pa msika wina kwathu kuno ku Mangochi kufunafuna ndiwo za madzulo. Pa thandala panali milu ya tinsomba tonyezimira, totalika ngati chala cha mkombaphala. Wogulitsa anati, "Gulani bambo, ndi chambo chimenechi, chimakoma ngati make." Sananame ayi. Anali kasawala, ana a chambo. Tinagula mulu umodzi, mayi a kunyumba anakazinga, ndipo tonse tinadya. Koma titagona mtima unayamba kutitsutsa, pakuti m'mbale imodzi ija tinatha nsomba pafupifupi makumi atatu zomwe zikanakula n'kudyetsa banja lathu mwezi wathunthu, zinanso n'kuswa anzake.

Kuti timvetse kukula kwa mlanduwu, tikumbutsane m'mene chambo chimaswanirana. Chachimuna chimakumba chisa chonga mbale pa mchenga, m'madzi osazama. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola n'kuwasunga m'kamwa, ndipo ana akaswa chimawafungatabe m'kamwa momwemo kwa masabata angapo. Kenaka anawo amakulira m'maudzu ndi m'mabango a m'mphepete. Tsono khoka likakokedwa pa nthawi yotere limafafaniza zisa, limazula maudzu, limakola make pamodzi ndi ana ali m'kamwa. Limeneli ndi tsoka lofanana ndi kupha nkhuku yofungatira n'kuphwanyanso mazira ake.

Anzathu a ku Malombe akudziwa bwino mathero a mchitidwe umenewu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nyanja yosazama ija inkatulutsa chambo chokwana matani zikwizikwi pa chaka, ndipo amalonda ankachokera ku Blantyre ndi ku Zomba kudzapikula. Makoka a kambuzi ndi nkacha za maso ang'onoang'ono zitachuluka, sipanathe zaka khumi chambo chinatsika kufika pa matani mazana ochepa chabe. M'chaka cha 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire kuti asodzi eni ake azitengako mbali poteteza nsomba, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza mphamvu za anthu a m'midzi pa ntchitoyi. Ganizolo linali labwino, koma m'madoko ambiri asodzi anaona makomitiwo ngati maso a boma, osati chinthu chawo. Usiku makoka oletsedwa ankalowabe m'madzi. Chambo cha ku Malombe sichinabwererenso mwakale, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN, lomwe limalondoloza zamoyo pa dziko lonse, linaika mitundu ya chambo chathu pa mndandanda wa nsomba zomwe zili pafupi kutheratu.

Tsopano tiyeni titsetserekere ku Salima, kumene kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kumeneko nkhani ndi ina. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a derali akhala akutseka usodzi pa chilumbachi chaka ndi chaka. Mu Disembala, dzinja likamayamba, asodzi onse amapasula misasa, kukweza maukonde m'mabwato n'kubwerera kumtunda. Palibe wotsala. Chilumba chimakhala duu mpaka mu Epulo, pomwe mfumu imachitsekula pa mwambo umene anthu amasonkhana pa doko la Chikombe. Ngakhale pa nyengo yotsekula pali malamulo ake: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa pa chilumbapo, ndipo maukonde amayenderedwa. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa kumene. Zotsatira zake n'zakuti utaka wa ku Mbenji ukadali wotchuka, ndipo asodzi amachokera m'maboma akutali kukapempha malo pa chilumbachi.

Kodi kusiyana kwa Malombe ndi Mbenji kwagona pati? Nsomba za ku Salima sizochenjera kuposa za ku Mangochi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mbenji lamulo linabadwira m'mudzi. Amene amalisunga ndi amene amadya za m'nyanjamo, ndipo wolakwa amaweruzidwa pamaso pa anthu omudziwa dzina ndi mtundu wake. Mlangizi wa za nsomba ali ndi maso awiri okha, ndipo dzuwa likalowa amakagona. Koma mudzi sugona wonse nthawi imodzi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tikudziwa kuti wina afunsa kuti, "Nanga miyezi yotseka ana adya chiyani?" Funsoli si lachibwana, ndipo amene sanagonepo ndi njala asafulumire kuliyankha. Komabe taonani nzeru za makolo a ku Mbenji: anatseka chilumba pa nyengo ya mvula, pomwe mphezi zimaopsa pa madzi ndiponso pomwe munda ukufuna manja. Msodzi amasiya nkhafi n'kugwira khasu. Ifenso tiyenera kuphunzira kusungako kangachepe pa miyezi ya phindu, m'malo momwaza ndalama zonse pa doko tsiku lomwelo. Njala ya miyezi itatu kapena inayi imapiririka ngati munthu waikonzekera. Njala ya nyanja youma nsomba ilibe mwezi wothera.

Tisaganize kuti nkhaniyi ndi ya asodzi ndi mafumu okha. Khoka la maso aang'ono limalowa m'madzi chifukwa kumtunda kuli wogula, ndipo wogulayo ndi ife, monga taululira poyamba paja. Choncho pali zinthu zitatu zimene banja lililonse lingachite popanda kudikira msonkhano. Choyamba, tileke kugula kasawala, ngakhale atchipe motani. Amayi amene mumagula ndi kuyanika nsomba, mphamvu yaikulu ili m'manja mwanu. Chachiwiri, masikito amene timalandira ku chipatala akhale pa mphasa za ana kuwateteza ku malungo. Tikawasoka kukhala khoka timaluza pawiri: mwana adwala, nyanja isauka. Chachitatu, tisatche mabango ndi maudzu a m'mphepete mwa nyanja mwachisawawa, pakuti ndiwo chikuta cha nsomba.

Ndipo inu bambo, komiti ya pa doko ikaitana msonkhano, pitani mukalankhule, musasiyire eni makoka akuluakulu okha. Mukaona mnzanu akukoka pa nyengo yotseka, mudzudzuleni mwaulemu ngati mbale. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nawo mafumu athu asalandire nsomba za m'khoka loletsedwa, chifukwa pakamwa podzaza sipaweruza mlandu.

Ife kunyumba kwathu tagwirizana kale kuti kasawala salowanso mu mphika. Mwana wathu wamng'ono anafunsa chifukwa chake, ndipo tinamuuza kuti tikufuna iyenso akadzakula adzadziwe kukoma kwa mutu wa chambo chachikulu, osati kungomva m'nthano za agogo.