Liwiro lokha lisamapatse munthu usajeni

M'gulu lankhondo la dziko la America, msilikali wofuna kukhala sajeni amasonkhanitsa mapointsi ngati timu yomwe ikulimbirana chikho cha ligi. Onse pamodzi sapitirira 800. Ena amawapeza powombera chandamale, ena pa maphunziro a usilikali, ena pa sukulu ya wamba, ena pa mamendulo. Mwezi ndi mwezi likulu limalengeza mapointsi ofunika pa ntchito iliyonse, kaya ya oyenda pansi, ya amakanika kapena ya achipatala, ndipo wofika pamenepo amakwezedwa. Wopereweza ndi pointi imodzi amadikira mwezi wina. Mu 2023 anakonza zoti mwa mapointsi amenewa, okwana mpaka 120 azichokera ku mayeso a mphamvu za thupi. Kale ankafika 180.

Ine ndimati 120 amenewa achulukabe, ndipo si chifukwa chakuti ndimapeputsa mphamvu. Msilikali wolefuka ndi chiopsezo kwa anzake. Tsiku la nkhondo amayenera kusenza katundu wolemera, kuthamanga pamene zipolopolo zikulira, ndi kukoka mnzake wovulala mpaka pobisalira. Ndiye lamulo loti wolephera mayesowa aimitsidwe kukwezedwa, kupita ku maphunziro ndi kulandira mendulo mpaka atakhoza, ndimalivomereza ndi mtima wonse. Ngakhale zoti wolephera kawiri motsatizana angathe kuchotsedwa ntchito sizindidabwitsa. Chimene chimandivuta ndi mapointsi owonjezera, amene amasiyanitsa anthu awiri oti onse akhoza bwino.

Taganizani asilikali awiri a ntchito imodzi, amsinkhu umodzi. Wina wathamanga makilomita 3.2 m'mphindi 14, mnzake m'mphindi 17. Onse adutsa muyeso popanda kukayikitsa. Koma woyambayo akutenga mapointsi oti akhoza kumufikitsa pa usajeni miyezi ingapo mnzakeyo asanafike, ndipo malipiro, ulamuliro ndi mwayi wa maudindo otsatira zimayambira pomwepo. Nanga ntchito ya sajeni ndi yotani? Ndiye amadziwa kuti mwa asilikali ake, uyu sakugona tulo chifukwa cha ngongole, uyu wayamba kumwa mopitiriza, uyu mfuti yake siikutsukidwa bwino. Ndiye amaphunzitsa wobwera kumene, amadzudzula wolakwa osamuchotsera ulemu, amaimirira pamaso pa akuluakulu kuwauza kuti anthu atopa. Mphindi zitatu zija sizitiuza kanthu pa zonsezi.

Chimene chimandipweteka kwambiri nchakuti anthu omudziwadi msilikaliyo mawu awo anachepetsedwa. Kufikira mu 2011, mkulu wa gulu lake ndiponso bwalo la masajeni akuluakulu limene limamufunsa mafunso ankapereka mapointsi awoawo. Chaka chimenecho mapointsi amenewa anachotsedwa. Lero akuluwa amangovomereza kapena kukana kuti munthuyo alowe pamndandanda. Chifukwa chake ndimachimvetsa, pakuti pamene pali maganizo a munthu, kukondera sikusowa, ndipo wotchi ilibe mbale. Komatu zotsatira zake nzakuti chinthu chosavuta kuwerenga chatenga malo a chinthu chofunika. Msilikali wanzeru amaona pamene pali phindu, ndipo maola amene akanathera pothandiza anzake amakathera kokweza zitsulo.

Ndiponso muyesowo wakhala ukusinthasintha. Kuyambira mu 1980, kwa zaka 40, mayeso anali a zinthu zitatu: mapushapu kwa mphindi ziwiri, kudzuka chogona chagada kwa mphindi ziwiri, ndi kuthamanga makilomita 3.2 aja. Akuluakulu ataona za ku Iraq ndi ku Afghanistan anati mayesowa sakufanana ndi zimene thupi limakumana nazo ku nkhondo, ndiye anabweretsa ena a zinthu zisanu ndi chimodzi otchedwa Army Combat Fitness Test. Munali kunyamula chitsulo kuchokera pansi, kuponya chambuyo mpira wolemera makilogalamu 4.5, kukoka chikoka cha makilogalamu 41, ndi kulendewera pa chitsulo uku ukukweza mawondo mpaka pa zigongono. Cholinga poyamba chinali chakuti amuna ndi akazi ayezedwe mofanana. Akazi ambiri analephera, makamaka pa kulendewera kuja, mpaka nyumba ya malamulo inalamula kuti mayesowa aunikidwe kaye ndi anthu apadera. Bungwe la RAND, limene linaunika mayesowa, litatulutsa zomwe linapeza mu 2022, kulendewera kunachotsedwa ndipo mapointsi anayamba kuwerengedwa potengera zaka ndiponso kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 2025 mayeso anasinthanso dzina kukhala Army Fitness Test, kuponya mpira kunachotsedwa, ndipo pa ntchito 21 zomenya nkhondo maso ndi maso anaika muyeso umodzi kwa amuna ndi akazi.

Sindikudzudzula kusinthako. Kukonza chinthu chimene chaoneka cholakwika nkwabwino. Koma pali asilikali amene anakwezedwa chifukwa ankaponya mpira patali, ndipo ena anatsalira chifukwa sankatero, pa chinthu chimene eni ake lero avomereza kuti sichinali choyenera kukhalapo. Miyezi imene anthu amenewa anataya palibe adzawabwezere. Muyeso umene eni ake akuwukonzabe usamagamule tsogolo la munthu mpaka pa pointi imodzi.

Pali anthu enanso amene ndimawaganizira. Msilikali amene bondo linawonongeka chifukwa chodumpha m'ndege kapena kuyenda ndi katundu zaka zambiri amaloledwa kuyenda ndawala, kupalasa njinga kapena kusambira m'malo mothamanga. Nzabwino, koma zimenezi zimangolembedwa kuti wakhoza kapena walephera, ndiye pa gawo limenelo sangapikisane ndi mnyamata wa mawondo atsopano. Munthu amene thupi lake linathera m'ntchito yomweyi ndiye akutsalira m'mbuyo. Mayi wobereka anamuganizirako, pakuti amapatsidwa chaka chathunthu asanayezedwenso, ndipo ichi ndi chisonyezo chakuti gulu lankhondoli limatha kuona kuti thupi lili ndi nyengo zake.

Tionenso mmene amachitira ndi maofesala. Pa lipoti la kaputeni kapena meja, mayeso a thupi amalembedwa kuti wakhoza kapena walephera, pambali pa msinkhu ndi kulemera kwake. Zotsalazo ndi mawu a akulu ake ofotokoza mmene amatsogolera. Palibe tebulo losandutsa masekondi ake kukhala mapointsi a udindo wotsatira. Ngati njira imeneyi ikukwanira posankha munthu wolamula asilikali mazana, sindikuona chifukwa chimene isakwanire posankha wolamula asilikali asanu kapena khumi.

Chimene ndingakonde nchakuti muyeso wokhozera ukwezedwe molingana ndi ntchito, msilikali woyenda pansi ayezedwe mowawa kuposa mlembi wa mu ofesi, ndipo aliyense wolephera aimitsidwe popanda kuyang'ana nkhope. Wopambana kwambiri apatsidwe baji, masiku opuma ndi ulemu pa pelete, chifukwa wakhetsadi thukuta. Koma mapointsi 120 aja achepe kwambiri, ndipo ochotsedwawo abwezedwe kwa masajeni akuluakulu amene amamuona munthuyo tsiku ndi tsiku, azilemba zifukwa zawo poyera kuti wokondera aziyankha mlandu.